Mukukayikira kuti wina akukusuzumirani pa kamera ya foni? Fufuzani motere

Dandaulo ili limabwera mosiyanasiyana. Wina akuti foni yake ikutentha ili m'thumba. Wina waona kadontho kobiriwira kakuyaka pamwamba pa sikirini pamene sakujambula chilichonse. Wina walandira imelo yonena kuti anajambulidwa ali kuchipinda, ndipo akapanda kulipira vidiyoyo ifika kwa abale ake onse. Wina zake n'zopweteka koposa: mwamuna kapena mkazi wake amadziwa zinthu zimene sanauzidwe, mpaka malaya amene mnzakeyo anavala tsiku limene sanaonane.

Onsewa funso lawo n'limodzi: kodi munthu angandione kudzera pa kamera ya foni yanga? Inde, zimatheka. Koma kamera siyaka yokha, ndipo munthu wamba wongodziwa nambala yanu sangaiyatse ali kutali. Pamafunika pulogalamu imene ikuyenda m'foni mwanumo, yokhala ndi chilolezo chogwiritsa ntchito kamera. Pulogalamuyo inalowa mwanjira ina yake, ndipo kawirikawiri njirayo ndi imodzi mwa ziwiri: munaiika nokha osadziwa zimene zili m'kati mwake, kapena anaiika munthu amene anagwirapo foni yanu ili yosakhoma. Mahaka akutali alipo ndithu, koma pa nkhani ya kamera wolakwa amakonda kukhala pafupi kuposa mmene mwini foni akuganizira.

Ndiye musathamangire kufomata foni. Mungafafanize umboni, njira imene munthuyo analowera n'kukhalabe yotseguka. Fufuzani kaye, kuyambira pa chimene mwaona.

Mwalandira uthenga woti "ndakujambulani"

Tiyambe ndi uwu chifukwa ndi umene umagwetsa anthu mphwayi kwambiri, pamene nthawi zambiri mulibe kanthu. Wolembayo amati analowa m'foni kapena kompyuta yanu, anakujambulani mukuonera zolaula, ndipo akufuna Bitcoin pasanathe maola 24 kapena 48. Kuti mukhulupirire, amalemba pasiwedi yanu yeniyeni yakale, kapena amachititsa kuti imeloyo ioneke ngati yachokera ku adiresi yanu yomwe.

Mauthenga otere anafala kwambiri mu 2018, ndipo amatumizidwa kwa anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, mawu ake omwewo. Pasiwediyo sanaitenge m'foni mwanu. Inachokera m'mindandanda ya maimelo ndi mapasiwedi amene anabedwa pa webusaiti ina yomwe munalembetsako kalekale. Mukhoza kudzionera nokha polemba imelo yanu pa webusaiti ya Have I Been Pwned, imene Troy Hunt wa ku Australia anayambitsa mu 2013. Imakuuzani kumene zinthu zanu zinabedwa. Munthu amene alidi ndi vidiyo yanu amaonetsa kachidutswa kake. Amene alibe amangochulukitsa mawu. Musayankhe, musalipire, musadine linki iliyonse ya mu uthengawo. Ngati pasiwedi yotchulidwayo mukuigwiritsabe ntchito penapake, isintheni lero lomwe.

Zimasiyana ngati munachezadi ndi munthu pa vidiyo, munavula, iye n'kujambula sikirini yake. Apa palibe amene wahaka kamera, choncho kufomata foni sikuthandiza chilichonse. Kulipiranso sikuthetsa nkhani, chifukwa kumangomusonyeza kuti muli ndi mantha komanso ndalama, ndiye abweranso. Jambulani mauthenga ake onse ndi dzina la akaunti yake, lekani kumuyankha, munenezeni kwa eni pulogalamu imene mumachezerapo ndiponso kupolisi. Webusaiti ya StopNCII.org imathandiza akuluakulu kuti zithunzi zawo zamseri zisaikidwe pa Facebook, Instagram, TikTok ndi malo ena ogwirizana nayo: chithunzicho sichichoka m'foni mwanu, chimene chimapita ndi chizindikiro chake cha manambala. Kwa amene zithunzizo zinajambulidwa asanakwanitse zaka 18 pali ina yotchedwa Take It Down.

Kadontho kobiriwira kakuyaka kokha

Ichi ndiye chizindikiro chodalirika kuposa zonse zimene munthu wamba angaone. Apple inakabweretsa mu 2020 pa iOS 14: kobiriwira kakutanthauza kuti kamera ikugwira ntchito, ka olenji kakutanthauza maikolofoni. Google inatsatira mu 2021 pa Android 12, ndipo kumeneko kadontho kobiriwira kamaimira zonse ziwiri. Ngati foni yanu ili ndi Android 11 kapena yakale kuposa apo, kadonthoka simukaona, ndiye pitani ku magawo apansipa.

Kakayaka, musangochita mantha. Kokerani sikirini pansi nthawi yomweyo. Pa iPhone, Control Center imalemba pamwamba dzina la pulogalamu imene yagwiritsa ntchito kamera. Pa Android, dinani kachizindikiroko ndipo dzinalo lioneka. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi pulogalamu yodziwika: Snapchat imatsegukira pa kamera, Instagram imayatsa kamera chala chikangoterereka cham'mbali, pulogalamu ya banki imafuna nkhope yanu kapena QR code. Kadonthoka kamatsalanso kanthawi kochepa mukatseka kamera. Zimenezi si ukazitape.

Ngati mwachedwa kukaona, mbiri yake ilipo. Pa Android 12 kupita m'tsogolo, lowani mu Settings, mufufuze Privacy dashboard. Imaonetsa pulogalamu iliyonse imene yakhudza kamera m'maola 24 apitawa, ndi nthawi yake. Mayina a malowa amasiyana pang'ono pakati pa Samsung, Xiaomi, Tecno ndi ena, choncho kulemba mawu akuti privacy pamalo ofufuzira mu Settings n'kwachidule. Pa iPhone pali App Privacy Report, imene inabwera ndi iOS 15.2, m'kati mwa Privacy & Security. Imasunga za masiku 7, koma imayamba kulemba pokhapokha mwaiyatsa, ndiye iyatseni panopa ngakhale simukukayikira kanthu.

Chimene mukufuna m'mbiriyo ndi nthawi zosagwirizana ndi moyo wanu. Kamera yayaka 2 koloko usiku muli m'tulo? Pulogalamu ya tochi, kalikuleta kapena masewera a makadi ikufuna kamera ya chiyani? Pitani ku Permission manager, musankhe Camera, muone mndandanda wonse. Amene alibe chifukwa muwamane. Amene mumawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo muwaike pa Ask every time.

Dzina limene likuoneka likhoza kukhala Chrome kapena Safari, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Pali malinki achinyengo amene amalonjeza mphatso kapena amati mutsimikize nkhope yanu. Tsambalo limapempha kamera, inu n'kudina Allow mosaganizira, ndipo kamera yakutsogolo imayamba kujambula zithunzi n'kumatumiza kwa mwini linkiyo kwa nthawi yonse imene tsambalo lili lotseguka. M'foni simunalowe kanthu. Tsekani masamba onse, kenako mu Chrome pitani ku Settings, Site settings, Camera, muchotse webusaiti iliyonse imene simukuidziwa. Pa iPhone, gawo la Safari mu Settings lili ndi Camera. Ikani pa Ask kapena Deny.

Eni ake a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi chida china chimene ambiri sachidziwa: batani la Camera access, limene mungaliwonjezere pa mabatani amene amaoneka mukakokera sikirini pansi. Mukalizimitsa, palibe pulogalamu wamba imene ingaone kanthu pa kamera mpaka mutaliyatsanso. Usiku, kapena pa zokambirana zachinsinsi, n'lothandiza kwambiri.

Chenjezo limodzi: kusayaka kwa kadontho sikutsimikizira kuti zonse zili bwino. Pulogalamu yaukazitape imene yalanda mphamvu zonse za foni ikhoza kukabisa. Koma zimenezo n'zapamwamba, ndipo tizikamba kumapeto.

Foni ikutentha, batire ndi data zikutha msanga

Zizindikiro izi zimatchulidwa paliponse, koma pazokha n'zofooka. Batire lokalamba limatha msanga. Foni imatentha ikamavutika kupeza netiweki, ikamatchaja, kapena ikangomaliza update. Zimakhala ndi tanthauzo zikasintha mwadzidzidzi inu musanasinthe kagwiritsidwe ntchito kanu, makamaka ngati kusinthako kwayamba foni itangochoka m'manja mwa munthu wina.

M'malo mongoganizira, onani manambala. Mu Settings, gawo la Battery limaonetsa pulogalamu imene ikudya moto wambiri, ndipo gawo la Data usage limaonetsa imene ikudya data, n'kusiyanitsa imene yadyedwa inu mukuigwiritsa ntchito ndi imene yadyedwa mwakachetechete. Vidiyo ndi yolemera. Amene akuba mavidiyo anu sangabise kulemera kwake. Onaninso mbali ya Wi-Fi, chifukwa mapulogalamu ena aukazitape amadikira Wi-Fi kuti mwini foni asadabwe ndi bandulo yake. Dzina lachilendo likakhala pamwamba pa mndandanda, lilembeni penapake.

Kusaka pulogalamu yobisala pa Android

Apa m'pamene pali ntchito yaikulu. Mapulogalamu ozondera anthu, amene akatswiri amawatcha stalkerware, amagulitsidwa poyera ngati othandiza makolo kuyang'anira ana kapena mabwana kuyang'anira antchito. Woika amangofunika foni yanu ndi PIN yake kwa mphindi zochepa. Akamaliza amabisa kachithunzi ka pulogalamuyo kuti isaoneke pa sikirini, ndipo imadzipatsa dzina looneka ngati la foni yeniyeni, monga System Service, Sync Services kapena Device Health. Kuchokera pamenepo amatha kuona mauthenga, malo amene muli, zithunzi, ndipo ena amayatsa maikolofoni ndi kamera.

Yambani ndi Play Store. Dinani chithunzi cha akaunti yanu, musankhe Play Protect. Ngati ndi yozimitsa ndipo simunaizimitse ndinu, chimenecho n'chizindikiro champhamvu, chifukwa malangizo oikira mapulogalamu amenewa amayamba n'kuuza munthu kuti aizimitse. Iyatseni, ifufuze.

Kenako Accessibility. Gawo ili linapangidwira anthu osaona bwino kapena olumala manja, ndipo pulogalamu imene yaloledwa pano imatha kuwerenga chilichonse cha pa sikirini n'kudina mabatani m'malo mwanu, kuphatikizapo batani lodzipatsa chilolezo cha kamera. N'chifukwa chake akazitape amalikonda. Onani pa Installed apps kapena Downloaded apps. TalkBack ndi zinzake za Google kapena za opanga foni n'zabwinobwino. China chilichonse chimene chayatsidwa inu osachidziwa n'chokayikitsa.

Chachitatu ndi Device admin apps. Pulogalamu ikakhala pamenepa siilola kuchotsedwa mpaka mutailanda udindowo. Pa foni ya munthu wamba pamayenera kupezeka pulogalamu ya Google yofufuzira foni yotayika, mwinanso ya kuntchito ngati foniyo ndi ya kampani, kapena ya amene anakugulitsani foni pangongole. Zina zonse zifotokoze zimene zikufuna.

Mukatero lowani mu Special app access muone Install unknown apps, Notification access ndi Display over other apps. Pa Install unknown apps, ngati Chrome kapena pulogalamu ya mafailo yaloledwa kuika mapulogalamu ndipo inu simukumbukira kuti munalola, pali munthu amene anaikapo kanthu kochokera kunja kwa Play Store. Onaninso ngati Developer options ndi USB debugging zili zoyatsa.

Pomaliza pitani pa mndandanda wa mapulogalamu onse mu Settings, osati wa pa sikirini. Werengani limodzilimodzi, modekha. Mukakayikira dzina, litseguleni. Mafoni ambiri amalemba pansi kumene pulogalamuyo inachokera. Njira ina yosiyanitsira ndi iyi: pulogalamu yeniyeni ya m'kati mwa foni nthawi zambiri ilibe batani la Uninstall, imangokhala ndi Disable kapena osakhala nalo n'komwe. Ndiye ikakhala ndi dzina ngati la foni yeniyeni, koma ili ndi Uninstall komanso zilolezo za kamera, maikolofoni, mauthenga ndi malo, mwaipeza. Musangochotsa chilichonse chimene dzina lake simukulimva. Lembani dzinalo pa Google kaye, chifukwa foni ili ndi mapulogalamu ambiri a mayina achilendo amene ndi ofunika.

Pali ena amene sabisala n'komwe. AnyDesk ndi TeamViewer ndi mapulogalamu abwinobwino othandizira munthu ali kutali, koma akuba amanamiza anthu kuti awaike ponamizira kuti ndi a kubanki, kenako n'kumaona sikirini yonse. Ngati simukuwagwiritsa ntchito, achotseni.

Ndipo pali amene timadziikira tokha: GB WhatsApp ndi anzake, masewera olipira amene "atsegulidwa", mapulogalamu oonera mpira ulere, onse obwera ngati failo ya APK kuchokera kwa mnzathu kapena pa webusaiti yosadziwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2021 kampani ya Kaspersky inapeza pulogalamu yoipa yotchedwa Triada m'kati mwa FMWhatsApp, imodzi mwa ma WhatsApp osinthidwawa. Vuto lake n'lakuti pulogalamu yocheza mumaipatsa nokha kamera, maikolofoni ndi manambala a anzanu ndi mtima wonse, chifukwa popanda zimenezo siigwira ntchito. Simudziwa amene anaisintha, simudziwanso zimene anawonjezamo.

Pa iPhone

Kuika pulogalamu yobisika pa iPhone n'kovuta, choncho kufufuza kwake n'kwachidule. Onani Privacy & Security, Camera. Kenako General, VPN & Device Management: pakakhala profile (failo yolamulira makonzedwe a foni) imene simunaike ndipo foni si ya kuntchito kapena kusukulu, ichotseni. Fufuzaninso mayina a Cydia ndi Sileo. Akapezeka, foniyo inachitidwa jailbreak, kutanthauza kuti chitetezo cha Apple chinathyoledwa dala. Kuyambira iOS 16, ya mu 2022, pali Safety Check, imene imakuonetsani anthu ndi mapulogalamu onse amene mukugawana nawo zinthu, n'kukulolani kuwadula onse nthawi imodzi. Apple inaipangira makamaka anthu amene akuchitiridwa nkhanza ndi okondedwa awo.

Pa iPhone, amene akukuzondani nthawi zambiri sadutsira m'foni. Amadutsira mu akaunti.

Foni ilibe kanthu, koma zithunzi zanu zikudziwika

Anthu ambiri amene amalumbira kuti kamera yawo yahakidwa, vuto lawo lili pano. Ngati backup ili yoyatsa, chithunzi chilichonse chimene mwajambula chimakwera chokha ku Google Photos kapena iCloud. Amene ali ndi pasiwedi ya akaunti yanu amachiona pa kompyuta yake patangopita kanthawi, osakhudza kamera yanu. Mwina ndi amene anakutsegulirani akauntiyo tsiku limene munagula foni. Mwina ndi foni yanu yakale imene munapatsa wina musanatulutsemo akaunti.

Pa akaunti ya Google, lowani ku Security muone Your devices. Pa iPhone, dinani dzina lanu pamwamba pa Settings, mutsike pansi pamene pali mndandanda wa zipangizo. Chimene simukuchidziwa chitulutseni. Mu Google Photos onani Partner sharing, chifukwa ikayatsidwa kamodzi imatumiza zithunzi zanu kwa munthu wina mosalekeza. Pa WhatsApp tsegulani Linked devices: akaunti imodzi imalola zipangizo zina 4, ndipo kulumikiza kumatenga masekondi ochepa munthu akagwira foni yosakhoma. Telegram ndi Facebook nazonso zili ndi mndandanda wotero.

Kenako sinthani mapasiwedi, koma ngati simunatsimikize kuti foni ndi yoyera, sinthirani pa chipangizo china chimene mumachikhulupirira, chifukwa pulogalamu yaukazitape imawerenga zimene mukulemba. Yatsani 2-Step Verification, imene imafuna chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi. Musaiwale nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti. Ngati zili za munthu amene mukumukayikira, pasiwedi yatsopanoyo aisintha mawa lomwe.

Musanachotse chimene mwapeza

Imani kaye pang'ono. Ngati amene anaika pulogalamuyo ndi munthu wokhala naye nyumba imodzi ndipo ndi wankhanza, adziwa kuti mwaichotsa, chifukwa zimene amalandira zisiya kubwera. Ena amakwiya kwambiri pa nthawi imeneyi. Bungwe la Coalition Against Stalkerware, limene linakhazikitsidwa mu 2019 ndi makampani a zachitetezo pamodzi ndi mabungwe othandiza ochitiridwa nkhanza, limalangiza kuti munthu aganizire za chitetezo chake asanachotse kanthu. Lankhulani ndi munthu wodalirika kapena bungwe lothandiza pogwiritsa ntchito foni ina. Konzani kopita ngati zinthu zitavuta.

Sunganinso umboni. Jambulani sikirini yanu ndi foni ina, osati ndi yomweyo, kuonetsa dzina la pulogalamu, zilolezo zake ndi tsiku. M'mayiko ambiri kuika pulogalamu yotere m'foni mwa munthu wamkulu iye osadziwa ndi mlandu, ngakhale mutakhala pabanja. Ku America, mu 2021, bungwe la boma la Federal Trade Commission linaletsa kampani ya SpyFone kupitiriza malonda amenewa. Ndipo kwa amene akuwerenga izi ali ndi maganizo oikira mnzake: makampani amenewa nawonso amabedwa. LetMeSpy inahakidwa mu 2023 n'kutseka, zinsinsi za ozondedwa ndi maimelo a ozondawo zili m'manja mwa anthu ena.

Kuchotsa

Ikani foni pa Airplane mode, muzimitsenso Wi-Fi. Landani pulogalamuyo udindo wa Device admin ndi wa Accessibility, kenako Uninstall. Ikamakana, kapena Settings ikamadzitseka yokha mukangofika pa dzina lake, yatsani foni mu Safe mode. Pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira, kenako n'kugwira chala pa Power off mpaka mawu a Safe mode ataoneka. Mmenemo mapulogalamu onse oikidwa pambuyo pogula foni amagona, ndiye sangadziteteze. Mukamaliza, ikani antivayirasi ya kampani yodziwika, monga Malwarebytes, ESET kapena Bitdefender, yochokera pa Play Store, ifufuze foni yonse. Samalani ndi timapulogalamu tambirimbiri todzitcha zogwira akazitape kapena zotseka kamera. Tambiri timangoonetsa zotsatsa malonda, ndipo timapempha zilolezo zomwezo zimene mukufuna kuteteza.

Ngati mtima sukukhazikikabe, fomatani. Sungani zithunzi, manambala ndi mafailo anu, koma osati mapulogalamu. Onetsetsani kuti mukudziwa pasiwedi ya akaunti ya Google kapena Apple imene ili m'fonimo, apo ayi ikhoza kukukanirani ikayakanso. Ikayaka, ikonzeni ngati yatsopano, n'kuika mapulogalamu limodzilimodzi kuchokera pa Play Store kapena App Store. Kufomata kumachotsa pafupifupi zonse. Kumalephera pa foni imene inachitidwa root, kutanthauza kuti chitetezo cha Android chinathyoledwa dala, kapena imene inabwera kale ndi pulogalamu yoipa kuchokera kopangidwa. Mu 2019 Google inavomereza kuti Triada yomwe ija inalowetsedwa m'mafoni ena asanafike n'komwe kwa ogula. Zikatero pamafunika kuiflasha ndi sofutiweya yeniyeni ya opanga, kapena kusintha foni. Pa iPhone ya jailbreak, ilumikizeni ku kompyuta muchite Restore.

Mwachotsa, koma vutolo labwereranso

Likabwerera, pali chimene chinatsala chotseguka, ndipo kawirikawiri ndi loko wa sikirini. Mwafomata foni koma PIN ndi yomwe ija, chaka chanu chobadwa, kapena pateni imene aliyense m'nyumba anaiona. Ikani manambala osachepera 6 amene sakugwirizana ndi tsiku lililonse la moyo wanu. Lowaninso pa Fingerprints muwerenge zala zimene zinalembetsedwa. Ngati inu munaika ziwiri koma pali zitatu, fufutani zonse muyambirenso. Pa iPhone chitani Reset Face ID, chifukwa imalola nkhope yachiwiri. Chepetsani nthawi imene foni imatenga isanadzikhome.

Zifukwa zina n'zachidule kuzitchula: munabwezeretsa backup yonse pamodzi ndi pulogalamu yoipayo, munaikanso APK yomwe ija chifukwa munaizolowera, akaunti ya Google ikadali m'manja mwa wina. Foni yopatsidwa ngati mphatso itakonzedwa kale muifomate musanayambe kuigwiritsa ntchito, kaya wakupatsani ndani. Popereka foni kwa okonza, musapereke PIN ngati ntchitoyo siikufuna. Mafoni atsopano a Samsung ali ndi Maintenance mode ndipo a Pixel ali ndi Repair mode, zimene zimabisa zinthu zanu wokonzayo akamayesa foni.

Ndiye pali update, imene ambiri amaizengereza poopa data. Mu 2019 akatswiri a kampani ya Checkmarx anaonetsa kuti pa mafoni a Google ndi Samsung pulogalamu yopanda chilolezo cha kamera ikanatha kulamula pulogalamu ya kamera kujambula zithunzi ndi mavidiyo, ngakhale sikirini ili yozima. Bowolo linatsekedwa kudzera mu update. Amene sanailandire anatsala nalo. Onani tsiku la Security update mu About phone kapena Software information. Ngati lapitirira chaka ndipo palibe yatsopano, opanga anaisiya foniyo, ndipo si yosungiramo zinsinsi.

Za Pegasus ndi anzake

Pali mtundu wa ukazitape umene sufuna kuti mudine kanthu kapena kuti wina agwire foni. Wodziwika kwambiri ndi Pegasus, wa kampani ya NSO Group ya ku Israel, umene umagulitsidwa ku maboma. Unadziwika mu 2016 pamene Ahmed Mansoor, womenyera ufulu wa anthu ku United Arab Emirates, anatumiza uthenga wokayikitsa kwa akatswiri a Citizen Lab ku yunivesite ya Toronto m'malo moudina. Mu 2019 WhatsApp inanena kuti anthu pafupifupi 1,400 anachitidwa chipongwe kudzera pa kuimbiridwa chabe, ngakhale osayankha. Pegasus ikalowa imatha kuyatsa kamera ndi maikolofoni, ndipo njira zonse zimene takambazi sizingaione.

Koma zida zimenezi n'zodula kwambiri, ndipo amene amalondoledwa nazo ndi atolankhani, andale, maloya ndi omenyera ufulu. Imelo yokuuzani kuti "ndakuikirani Pegasus, lipirani" ndi bodza lija takamba poyamba. Ngati ntchito yanu ikukuikani m'gulu la olondoledwa, yatsani Lockdown Mode, chitetezo chokhwima cha pa iPhone, landirani update iliyonse tsiku lomwe yatuluka, ndipo muzizimitsa foni n'kuiyatsanso kawirikawiri, popeza zina mwa zida zimenezi sizipirira foni ikazima. Kuyambira 2021 Apple imachenjeza anthu amene ikuganiza kuti alondoledwa. Chenjezo lenileni limaonekanso mukalowa mu akaunti yanu pa webusaiti ya Apple, ndipo silipempha pasiwedi kapena kudina linki. Amnesty International ili ndi chida chofufuzira chotchedwa Mobile Verification Toolkit, koma chimafuna katswiri. Bungwe la Access Now lili ndi thandizo laulere la zachitetezo kwa atolankhani ndi mabungwe omenyera ufulu.

Makodi oimba ndi tepi pa kamera

Mavidiyo ambiri pa intaneti amati mukaimba *#21# mudziwa ngati foni yanu yahakidwa. Si zoona. Kodi imeneyi imangoonetsa ngati mafoni obwera akupatutsidwira ku nambala ina, ndipo ##002# imathetsa kupatutsako. N'zothandiza pa nkhani yake, koma za kamera sizinena kanthu.

Tepi imagwiradi ntchito, chifukwa palibe pulogalamu imene ingaone kudutsa chinthu chophimba galasi. Mu 2016 anthu anaona pa chithunzi kuti ngakhale Mark Zuckerberg anamata kamera ya laputopu yake. Pa foni n'zovutirapo: tepi imasiya zomata pa galasi, ikhoza kusokoneza Face ID ndi kachipangizo koyeza kuwala, ndipo maikolofoni, mauthenga ndi malo anu zimakhalabe poyera. Kava yokhala ndi kotsekera kamera ndi yabwinopo. Kuika foni m'drowa posamba kapena povala n'kwaulere.

Ngati mwafufuza zonsezi, foni ndi akaunti zilibe kanthu, koma munthuyo akudziwabe zimene sayenera kudziwa, siyani foniyo muyang'ane kwina: tabuleti ya mwana imene ili ndi akaunti yanu, laputopu ya pabanja imene WhatsApp yanu inatsala yotseguka, kamera ya chitetezo ya m'nyumba imene pasiwedi yake muli nayo awiri, kachipangizo kolondolera malo kobisidwa m'chikwama kapena m'galimoto. Pa Android, Unknown tracker alerts ili mu Safety & emergency ndipo ili ndi batani lofufuzira nthawi yomweyo; iPhone imachenjeza yokha AirTag (kachipangizo ka Apple kolondolera malo) yachilendo ikamayenda nanu, malinga Bluetooth ndi Location zili zoyatsa.